Victor Hasselblad: wobisalira mbalame amene kamera yake idatsala kumwezi

Mvula yoyamba ikagwa ku Mwanza, fumbi la mumsewu wa ku Zobue n'kugona, pamawaya a magetsi pamayamba kundanda anamzeze. Timawayesa mbalame zakwathu, chonsecho ena mwa iwo ndi alendo. Amaswana ku Ulaya, ndipo chisanu chikayandikira kumeneko amauyatsa ulendo wa makilomita zikwizikwi kudzadya tizilombo kuno. Pachipata amadutsa opanda chiphaso, madalaivala a mathiraki akugona pamzere kudikira zikalata.

Victor Hasselblad wa ku Sweden adathera unyamata wake akubisalira mbalame zosamuka zoterezi kutsidya linalo la ulendo wawo. Chimene chinkamuwawa n'chakuti makamera a nthawiyo ankamugwiritsa mwala: opepuka ankatulutsa chithunzi chosakhutiritsa, otulutsa chithunzi chabwino anali chikatundu choti pomwe ukumaliza kuchitchera, mbalame yauluka. Kudandaula kumeneku ndiko kudabala mtundu wa makamera umene udajambula mapazi oyamba a munthu pamwezi.

Adabadwa pa 8 March 1906 mumzinda wa Gothenburg, m'banja losasowa kanthu. Kampani ya banjalo adaiyambitsa Fritz Wiktor Hasselblad mu 1841, zaka 18 David Livingstone asanaone nyanja yathu, ndipo inkaitanitsa ndi kugulitsa katundu wosiyanasiyana. Za zithunzi adazilowetsamo ndi mwana wa Fritz, Arvid Viktor. Iyeyu atapita ku England ndi mkazi wake atangokwatirana kumene, adakumana ndi George Eastman, mwini wa Kodak. Awiriwo adapangana pongogwirana chanza kuti a Hasselblad ndiwo azigulitsa katundu wa Eastman m'dziko lonse la Sweden, ndipo pangano lopanda kalatalo lidakhala zaka pafupifupi 80. Malondawo adakula mpaka mu 1908 nthambi ya zithunzi idaima payokha. Kujambula kunali kutafika kale ngakhale kuno: m'zaka zomwezo Mungo Murray Chisuse wa ku mishoni ya Blantyre ankatola zithunzi, ndipo ndiye adatisiyira zina mwa zithunzi za John Chilembwe ndi banja lake.

Bambo ake a Victor, a Karl Erik, ankafuna wolowa m'malo wodziwa ntchito, osati wodziwa mabuku okha. Mnyamatayo atafika zaka 18 adamuchotsa pasukulu n'kumutumiza ku Dresden m'dziko la Germany, kumene panthawiyo kunali kuchimake kwa makamera ndi malenzi. Adayenda m'mafakitale, m'malo otsukira zithunzi ndi m'masitolo a ku Germany ndi France, kenaka adawoloka nyanja kupita ku Rochester ku America, kumene Eastman mwini wake adamulandira ngati mdzukulu wa bwenzi lake. Adabwerako akudziwa zambiri, mwina zambiri kuposa zimene bambo ake ankafuna kumva. Awiriwo sadamwerane madzi pankhani ya kayendetsedwe ka kampani. Mu 1934 Victor adakwatira Erna Nathorst, mu 1935 adatulutsa buku la zithunzi za mbalame zosamuka lotchedwa Flyttfågelstråk, ndipo mu 1937 adachoka pakampani ya makolo ake n'kutsegula sitolo yakeyake, Victor Foto, mumzinda womwewo.

Kuti timvetse chimene ankafuna, tikumbuke ojambula a panjinga amene ankazungulira m'maukwati ndi m'mipingo kuno kwathu mafoni asanabwere. Ambiri ankagwiritsa ntchito filimu yaing'ono ya 35mm, ija yolowa zithunzi 36, imene ankadikira kuti idzaze asanakaitsukitse ku Blantyre, eni zithunzi akuwerenga masabata. Pa filimu imeneyo chithunzi chilichonse chimatenga mamilimita 24 kwa 36, kachigamba kongofanana ndi sitampa. Mukachikulitsa kwambiri chimayamba kuoneka ngati mwathirapo mchenga. Palinso filimu ina yotambalala pafupifupi masentimita 6, imene Kodak idayamba kugulitsa mu 1901 ndipo imadziwika ndi nambala 120. Chithunzi cha mbali zinayi zofanana pa filimu imeneyi chimaposa cha 35mm katatu ndi theka, motero nthenga iliyonse ya mbalame, ulusi uliwonse wa nsalu, zimaoneka. Makamera a filimu yotere ndiwo amatchedwa a msinkhu wapakati, chifukwa ali pakati pa aang'onowo ndi mabokosi akuluakulu aja amene wojambula ankadzifunditsa nsalu yakuda. Wotchuka mwa iwo panthawiyo anali Rolleiflex wa maso awiri: diso lam'mwamba loonera, lam'munsi lojambulira. Vuto lake, chimene ukuona sichifanana ndendende ndi chimene filimu ikulandira, ndipo lenzi yake sinkachotsedwa kuti uike yokokera zinthu zakutali. Kwa munthu wa mbalame zimenezo zinali zosathandiza.

Mwayi wake udadzera m'nkhondo, ndipo ichi sichiyenera kubisidwa. Mu April 1940 Germany idalowa m'Denmark ndi Norway. Sweden sidalowerere nkhondoyo, koma inali itazingidwa, ndipo inalibe kogula zipangizo. Asilikali a dzikolo adapeza kamera yojambulira pansi kuchokera mumlengalenga m'ndege ya Germany imene idagwera m'manja mwawo, ndipo adapita nayo kwa Victor kukamufunsa ngati angathe kupanga yofanana nayo. Mbiri imati adawayankha kuti yofanana sangathe, koma yoposa pamenepo angathe. Adayamba ntchito m'shedi ya kuseri kwa galaja ina ku Gothenburg, akuthandizidwa ndi amakaniko a pagalajapo. Kamera yoyamba idatchedwa HK-7. Pofika kumapeto kwa nkhondo mu 1945, kampani yake yatsopano, Ross AB, inali itapereka makamera 342 ku gulu lankhondo. Mu 1942 bambo ake adamwalira, ndipo Victor adagula masheya ambiri a kampani ya banja ija imene adaichoka zaka zisanu m'mbuyomo.

Pakati pa maoda a asilikali, antchito ake ankapanga zam'kati mwa mawotchi. Poona patali munthu akadati bwanayo wasokera, koma iye ankadziwa chimene ankachita. Ankasula manja ozolowera timagiya ndi timasipuling'i tosalola kuphonya ngakhale pang'ono, manja amene adzawafune nkhondo ikadzatha.

Pa 6 October 1948, ku New York, adaonetsa atolankhani kamera yake yoyamba ya anthu wamba, 1600F. Maonekedwe ake adakonza ndi Sixten Sason, yemwenso adajambula magalimoto oyambirira a Saab, ndipo malenzi ake anali a Kodak Ektar. Chachilendo chake chinali m'kamangidwe. Pakati panali kabokosi kokhala ndi kagalasi kopendekeka, kamene kankatenga kuwala kolowera m'lenzi n'kukukweza m'mwamba, motero wojambula ankaweramira kamera ili pamimba, n'kumaona chimene filimu idzalandire kudzera m'diso lomwelo. Kutsogolo lenzi inkachotsedwa n'kuikapo ina. Pamwamba choonera chinkasinthidwa. Kumbuyo, ndipo apa ndi pamene padagona nzeru, filimu inkakhala m'kabokosi kakekake kotsekedwa ndi kachitsulo kopyapyala, kotero kuti munthu ankatha kuchotsa filimu yakuda ndi yoyera ili pakati, n'kuikapo yamitundu, osawononga chithunzi ngakhale chimodzi mwa 12 zolowa mumpukutu. Ndipo popeza chithunzi chinali cha mbali zofanana, panalibe chifukwa chopendeketsa kamera kuti munthu woimirira akwane.

Koma kamerayo inali ndi nthenda. Nambala 1600 inkatanthauza liwiro la shata, kachitseko kamene kamatseguka ndi kutsekeka kuti kuwala kufike pafilimu: gawo limodzi mwa magawo 1600 a sekondi. Shatayo inali ya chitsulo chopyapyala kuposa pepala, ndipo inali kumbuyo kwenikweni kwa kabokosi, pamalo poti chala chikaphonya pochotsa filimu, yapindika. Makina ake anali osachedwa kufooka, liwiro lolembedwalo silinkakwanira nthawi zonse, ndipo m'zaka zoyambirira makamera amene adatuluka m'fakitale anali ochepa kwambiri. Munthu amene adasiya sitolo ya bambo ake n'kulemba dzina la banja pachipumi pa kamera anali pafupi kulichititsa manyazi dzinalo.

Chimene adachita n'chimene amalonda ambiri sachita: adabwerera m'mbuyo. Kamera yotsatira, 1000F, idatsitsa liwiro kufika pa 1000, ndipo shata yake idalimba. Magazini ya ku America ya Modern Photography idaiyesa poipyoletsa mipukutu 500 ya filimu ndi kuigwetsa pansi dala kawiri, koma idapitiriza kugwira ntchito. Kuyambira pamenepo ojambula a ntchito adayamba kuikhulupirira. Malenzi nawo adayamba kuchokera kwa Carl Zeiss wa ku Germany, ndipo mu 1954 padatuluka kamera yapadera yopanda kagalasi, yomangidwa mozungulira lenzi imodzi yokha ya Biogon 38mm, yotha kumeza chipinda chonse mizere ya makoma osapindika.

Mu 1957 adatsitsanso nambala. Kamera ya 500C idataya shata ya kumbuyo ija, ndipo m'malo mwake lenzi iliyonse idakhala ndi shata yakeyake ya mtundu wa Compur, yopangidwa ndi timasamba tachitsulo totseguka kuchokera pakati. Liwiro lake lidathera pa 500, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a liwiro limene adayamba nalo. Phindu lake linali lakuti fulashi inkagwirizana ndi shata pa liwiro lililonse, chinthu chimene ojambula mafashoni, nkhope ndi malonda ankachilakalaka. Wowerenga mndandanda wa makamerawa, 1600, 1000, 500, angaganize kuti kampaniyo inkalowa pansi, pamene kunena zoona nambala iliyonse yotsika inali kamera yodalirika kuposa yam'mbuyo.

Kugwira 500C kunkafuna mwambo. Ukaweramira m'choonera, zinthu zinkaoneka motembenuka, wa kumanja ali kumanzere, moti wophunzira ankatsata munthu woyenda n'kupotolera kamera kolakwika. Ukadina batani, m'kanthawi kosakwana kuphethira shata ya m'lenzi inkatseka, kagalasi n'kukwera, tizitseko tiwiri ta kumbuyo n'kutseguka, shata n'kutseguka ndi kutsekanso, zonsezi ndi mkokomo womveka chipinda chonse. Zikatero m'choonera munkada bii mpaka utapukusa chogwirira. Wochotsa lenzi asanapukuse ankatha kuikanikiza kamera yonse n'kukafuna mmisiri. Inalinso yodula, pakuti wogula lenzi iliyonse ankagulanso shata. Sinali kamera ya wojambula wa panjinga, ndipo Victor sadayesepo kunamizira kuti inali yotero. Ankapangira anthu amene chithunzi chimodzi chikalephereka ataya ntchito ya mwezi.

Za kuthambo sadazipemphe. Walter Schirra, mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri oyamba amene bungwe la NASA lidasankha kuti apite m'mlengalenga, ankakonda kujambula, ndipo ankaidziwa Hasselblad. Pa 3 October 1962 adakwera chombo cha Sigma 7 ali ndi 500C yogulidwa m'sitolo ya ku Houston, itasendedwa chikopa chake kuti ipepuke ndi kupakidwa utoto wakuda kuti isanyezimire pazenera. Zithunzi zimene adabwera nazo zidatsegulira njira mgwirizano wa NASA ndi fakitale ya ku Gothenburg. Mu 1965 Hasselblad idajambula Ed White akuyandama kunja kwa chombo cha Gemini 4. Mu 1966 Michael Collins idamupulumuka m'manja ali kunja kwa Gemini 10, kamerayo n'kuyamba kuzungulira dziko payokha. Chaka cha 1965 chomwecho kampaniyo idatulutsa 500EL, yokhala ndi injini yamagetsi yopukusa filimu yokha, ndipo imeneyi ndiyo idayenerera anthu ovala magolovesi okhuthala. Ndi kamera ya mtundu umenewu William Anders wa Apollo 8 adajambula dziko lathu likutuluka kuseri kwa mwezi pa 24 December 1968.

Ya Apollo 11, mu July 1969, idakonzedwa mwapadera. Adaipaka utoto wasiliva kuti ipirire kutentha ndi kuzizira kwa kumwezi, adaiika lenzi ya Biogon 60mm, ndipo kabokosi kake kankalowa filimu yopyapyala ya 70mm, yokwana zithunzi 160 zamitundu kapena 200 zakuda ndi zoyera. Inalibe kagalasi kapena choonera. Inkamangiriridwa pachifuwa, ndipo munthu ankaloza ndi thupi lonse. Patsogolo pa filimu panali galasi lolembedwa timitanda, tothandiza akatswiri kuyeza kutalika kwa zinthu pachithunzi, ndipo timitanda timeneti ndi tija timaoneka pazithunzi zambiri za pamwezi. Kamerayo nthawi yambiri inali ndi Neil Armstrong, n'chifukwa chake pafupifupi zithunzi zonse zabwino za tsikulo ndi za Buzz Aldrin. Pachithunzi chotchuka kwambiri, munthu woyamba kuponda mwezi amangooneka ngati kachidontho m'galasi la chisoti cha mnzake. Ojambula a pamaukwati amalidziwa tsoka limeneli: tsiku lonse uli pomwepo, koma m'chimbale cha zithunzi mulibe nkhope yako.

Pobwerera, chombo sichikadatha kunyamula zonse. Miyala ya kumwezi inali yofunika kuposa chitsulo cha ku Sweden, ndiye apa nzeru ya 1948 ija idagwira ntchito imene mwini wake sadailote: adachotsa timabokosi ta filimu n'kubwera nato, makamera n'kuwasiya. Pakati pa 1969 ndi 1972 makamera 12 a Hasselblad adatsala pamwezi, ndipo ali komweko mpaka lero.

Kuno kunalibe kanema panthawiyo, pakuti wailesi yakanema ya dziko lino idayamba mu 1999. Amalawi adamva za ulendowo pawailesi, ndipo chimene adaona ndi maso chinali zithunzi zosindikizidwa. Koma chithunzi chotikhudza kwambiri ifeyo chidabwera pambuyo. Pa 7 December 1972, a m'chombo cha Apollo 17 adatembenukira kumbuyo, dzuwa lili kumsana kwawo, n'kujambula dziko lonse lathunthu ndi Hasselblad ya lenzi ya 80mm. Mbali imene idayang'ana kamera tsiku limenelo sinali America kapena Ulaya. Inali Africa, kuyambira ku chipululu cha Sahara mpaka ku madzi oundana a kummwera, Madagascar ili pambali. Chithunzicho ndi chimodzi mwa zosindikizidwa kwambiri m'mbiri ya anthu, ndipo mwana wa sukulu wa ku Thambani kapena Kunenekude akachiona pachikuto cha buku, akuyang'ana chigawo chake chomwe cha dziko, m'mwezi wa dzinja, mitambo ya mvula ili pamwamba.

Ulemu udamupeza Victor ali ndi moyo. Mu 1968 sukulu ya ukachenjede ya Chalmers idamupatsa digiri yaulemu ya udokotala, munthu amene adachotsedwa pasukulu ali ndi zaka 18. Zaka ziwiri izi zisanachitike adagulitsa kwa Kodak nthambi yogulitsa katundu wa zithunzi, pangano la agogo ake lija n'kuthera pomwepo, kuti mtima wake wonse ukhale pa kupanga makamera. Mu 1970 padabwera 500C/M, yosiyana pang'ono chabe ndi ya 1957, ndipo mu 1977 padabwera 2000FC, imene idabwezeretsa shata ya kumbuyo ija idamuvutitsa pachiyambi, tsopano itakhwima n'kufika pa 2000. Ngongole ya 1948 adailipira patatha zaka 29.

Iye ndi Erna analibe mwana. Ankakhala ku Råö, m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Gothenburg, kumene ankapitiriza kujambula mbalame. Funso la wolowa m'malo, limene bambo ake adaliyankha pomutumiza ku Dresden, iye analibe womutumiza. Mu 1976 adagulitsa kampani yake kwa Säfveån, kampani ya zachuma ya mumzinda womwewo, ndipo mu August 1978 adamwalira ali ndi zaka 72. Chuma chake, ndalama za ku Sweden zokwana makrona 78 miliyoni, adachisiyira bungwe lotchedwa ndi dzina lake ndi la mkazi wake, lothandiza kafukufuku wa zachilengedwe ndi luso la zithunzi. Erna adamutsatira mu 1983. Kuyambira 1980 bungwelo limapereka mphoto imene ojambula amaiwerengera ngati yaikulu koposa pantchito yawo. Woyamba kuilandira anali Lennart Nilsson wa ku Sweden, ndipo idafikanso ku Africa: mu 2003 kwa Malick Sidibé wa ku Mali, amene ankajambula achinyamata a ku Bamako m'madansi ndi m'kasitudiyo kake, ndipo mu 2006 kwa David Goldblatt wa ku South Africa, amene adajambula moyo wa pansi pa tsankho, kuphatikizapo migodi ya golide imene idadya mphamvu za abambo ambiri ochokera kuno.

Kampaniyo yadutsa m'manja ambiri chimwalirire mwini wake. Mu 2002 idatulutsa H1, yopangidwa mogwirizana ndi Fujifilm, yodzipezera yokha pamene chithunzi chikuthwa, ndipo idasiya mbali zofanana zija, okonda zakale n'kung'ung'udza. Mu 2004 idaphatikizana ndi Imacon ya ku Denmark n'kulowa m'dziko la zithunzi za pakompyuta. Mu 2013 idasiya kupanga 503CW, mdzukulu womaliza wa 500C, patatha zaka 56. Mu 2016 idatulutsa X1D yopanda kagalasi. Dzina la Hasselblad lidaonekapo pa mafoni ena a OnePlus, ndipo lero limaoneka pa mafoni ena a Oppo, ndiponso pa tindege tina topanda woyendetsa ta kampani ya ku China ya DJI, imene idagula masheya m'kampaniyo mu 2015. Kandege kotere kakamalira pamwamba pa mdipiti wa ukwati, ochepa amadziwa kuti dzina lolembedwa pakadiso kake ndi la munthu amene ankagona m'mabango kudikira mbalame.

Koma kabokosi ka kumbuyo kaja sikadafe. Kampaniyo imapangabe chipangizo chotchedwa CFV, chimene chimalandira kuwala m'malo mwa filimu n'kusunga chithunzi pakakhadi. Amene ali ndi 500C ya 1957 m'kabati amachotsa kabokosi ka filimu, n'kukoleka chipangizocho pa ngowe ziwiri zomwe zija, n'kupukusa chogwirira, n'kuweramira m'choonera.